Bokosi la Mabomba la Malemu Njobvu

"Makina osokera mwatenga, bedi mwatenga, nanga chitseko mwachisiyiranji? Zulani nacho, alamu, kuti Kasanda yonse iziona bwino mmene mukutisamalira."

Anatero Emelda, mkazi wa malemu Febian Njobvu, ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Panali patapita masiku asanu ndi anayi chiikire mwamuna wake, ndipo mlamu wake Aleck, mng'ono wa malemuyo, anali atamaliza kulira kalekale. Analira tsiku loyamba lokha atangotsika basi ya ku Petauke, kulira kogubuduzika nako pafumbi mpaka anthu kumugwira. Tsiku lachiwiri misozi inauma, maso n'kuyamba ntchito ina yoyendera zipinda.

"Mulamu, ni mwambo chabe," anayankha Aleck akukhoma loko pachipinda chimene anaunjikamo katunduyo. "Neo, ine pano, sininalembe mwambo. Chuma cha mwamuna chibwelela kumene anayamwa. Ndipo lekani kuniitana Aleck. Akuluakulu ananilowetsa dzina imwe muona. Manje ndine Febian."

Zinali zoona. Akuluakulu a banja asanabwerere kumudzi anamulowetsa dzina la mkulu wake, monga amachitira munthu akafa, kuti dzina lisagone kumanda. Iwo ankaganiza za dzina, Aleck ankaganiza za suti. Anaivala tsiku lomwelo osaivulanso, ngakhale kuti Febian anali wamtali ngati mlongoti pomwe iyeyu anali wofupika. Manja a jekete ankabisa zala zake, thalauza likusesa fumbi la m'komboni ya Kasanda.

Katunduyo Emelda anali atamutaya kale mumtima. Anaona akazi anzake angati akusiyidwa ndi mphasa yokha chitsekere mgodi wa Kabwe zaka zinayi zapitazo? Chimene chinkamudya moyo chinali bokosi lachitsulo limene Aleck analipana m'khwapa. Linali bokosi lakale losungiramo mabomba ophwanyira miyala pansi pa mgodi, lofiira, lojambulidwa chigaza pachivundikiro, lokhala ndi loko wonga chibakera. Febian analitola pamene ankagulitsa zotsala za kampani. Atatsala pang'ono kufa anaikamo mapepala onse a mwana wawo mmodzi yekhayo, Charity: setifiketi ya Giredi 12, chitupa, ndi kalata yomuitana ku yunivesite ku Lusaka kukaphunzira za makompyuta. Kulembetsa kunali patsogolo masabata atatu. Popanda mapepalawo mtsikanayo akanabwezedwa pageti, ndipo kupeza ena kukanatenga chaka.

Emelda anamuuza mlamu wake zonsezi mosabisa, koma munthu wozolowera kunama sakhulupirira mnzake. Aleck anali wotsimikiza kuti m'bokosimo munali mabenefiti a mkulu wake, ndalama zosiyira ntchito zimene a kumgodi anazidikira zaka zitatu.

"Ndalama mulibe mmenemo," anatero Emelda kachikhumi. "Anapeleka ku yunivesite, ku dipatimenti ya makompyuta. Kuli thumba limene amati losatha. Ndalama mukaikamo sazidya, amaziika kuti zizibala, ndiye zobalazo ndizo zilipilila ana a mamaina, anchito a kumgodi, sukulu na kugula makina. Charity ndiye woyamba kudyako."

"Ndalama zosadya?" Aleck anaseka mpaka kutsamira khoma. "Mulamu, munganamize mwana. Kuli munthu pano padziko amene apatsidwa ndalama n'kumangoziyang'ana? Olo zikhale zoona, ndiye kuti ni mbuzi yoikiza. Mbuzi ukaikiza kwa munzako azidya ana, koma mwini akafika na chingwe, mayi wake abwelela kukhola. Mwini ndine. Kiyi ili kuti?"

Kiyi inali kwa a Chomba, mphunzitsi wa ku dipatimentiyo, mwana wa m'Kasanda momwemo amene bambo ake anagwira ntchito ndi Febian. Atamva zimenezo Aleck anapukusa mutu. Anati anthu ophunzira amayenda ndi apolisi m'thumba, ndipo iye sanabadwe dzulo kuti akadzipereke yekha mumsampha.

Mawu a mbuzi aja anamulowa Emelda ngati minga, chifukwa nayenso sankadziwa ngati mbuziyo ingabwezedwe kapena ayi. Kunena zoona, nkhani ya thumbali sanaikondepo. Ndalama zija zitafika iye ankafuna firiji yaikulu yopangira maaisi ogulitsa pamsika. Febian, yemwe anali kalaliki mu ofesi yolemba maola a antchito, anakana. Anati kompyuta imodzi inadya ntchito za makalaliki khumi ndi awiri mgodi usanatsekedwe n'komwe, ndipo chilombo chikadya bambo, mwana aphunzire kuchikwera pamsana. Anakapereka pafupifupi zonse kwa a Chomba, akutsokomola njira yonse. Emelda anakhala masabata awiri osamulankhula, chakudya akungomuikira patebulo ngati mlendo wa pa resitihausi. Febian anamwalira iye asanamukhululukire bwinobwino, ndipo zimenezo zinkamuwawa kuposa bedi.

Mmawa wake Aleck anatuluka panja ndi hamala. Anaika bokosi pamwala, n'kukwinya manja a jekete, n'kukweza dzanja. Kuseri kwa mpanda kunamveka chifuwa, kenako mawu a Amos, mwamuna wa Bana Levy, mayi woyandikana nawo. Amos anagwira ntchito yophulitsa miyala zaka makumi awiri, ndipo tsopano ankangokhala pampando padzuwa kutsokomola fumbi limene analimeza zaka zonsezo.

"Ba Febian atsopano," anatero mosafulumira, "mukalibe kumenya, lekani nichotse banja langa. Mabokosi ayo amatuluka thukuta mukati. Mungaone monga mulibe kanthu, koma thukuta ija ikauma m'makona, hamala imodzi chabe. Munzathu wina tinamuika nsapato yeka."

Hamala inatsika pang'onopang'ono ngati ikuikidwa pa mwana wogona. Emelda, amene ankasuzumira pawindo, anaona Amos akumutsinzinira diso asanayambirenso kutsokomola.

Kuyambira tsiku limenelo bokosi linasanduka khanda. Aleck ankaligoneka pa pilo, iye n'kutsamira mkono. Ankalitchinga dzuwa ndi ambulera ya malemu. Kuchimbudzi ankapita nalo, poopa kuti Emelda angalibe, koma ankayenda monyang'ama poopa kuti lingamuphulikire. Anapita nalo wapansi mpaka kumsika wa Katondo kwa wowotcherera zitsulo, ndipo wowotchererayo atangoona chigaza chija anazimitsa moto wake, n'kumuthamangitsa ndi chitsulo mpaka kumseu. Kondakitala wa minibasi anamukaniza kukwera. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Sabata yachiwiri itayamba, nzeru zinamubwerera, ndipo zinali nzeru zoipa. Analengeza pa chakudya cha masana kuti lole yonyamula katundu ibwera Lachisanu. Bokosi apita nalo ku Petauke, akaliika pakati pa munda, akaunjikapo mapesi, akayatsa moto n'kukabisala kuseri kwa chulu. Likaphulika liphulike, loko akhala atachoka. Charity anamufunsa mwaulemu kuti, "Nanga adadi ang'ono, ngati muli ndalama za mapepala, sizizapsa?" Iye anayankha kuti ana a m'tauni amadziwa Chingelezi koma sadziwa moto, chitsulo chimateteza. Mtsikanayo anasiya chakudya n'kupita kuseri kwa nyumba. Emelda anamumva akulira mobisa, ndipo mantha anamugwira zenizeni.

Lachitatu kunabwera envelopu yoyera. Munali khadi lolembedwa ndi zilembo zagolide, loitana Bambo Febian Njobvu, monga mmodzi wa opereka oyamba, ku mwambo wotsegulira thumba lija Loweruka masana muholo ya kalabu yakale ya mgodi. Emelda analiwerenga kawiri, n'kupukuta m'maso. Kenako anaphika tiyi wa mkaka, chinthu chimene sanamuchitirepo mlamu wake, n'kugwada pomupatsa.

"Ba Febian, kwabwela kalata yanu."

Aleck anatsala pang'ono kutaya tiyi. Aka kanali koyamba kumutchula dzinalo.

"Ni ya amene anafa," anatero mokayika, Emelda atamuwerengera.

"Amene anafa alibe dzina, munatenga ndimwe. Apa alemba kuti muzakhala ku tebulo yapamwamba, pafupi na akuluakulu. Kuzakhala nkhuku na mpunga. Koma ngati muyopa, palibe kanthu, nizawauza kuti Febian wa manje ni wamanyazi. Kiyi izabwelela ku Lusaka, na mbuzi yanu izapitiliza kubalila ena."

"Ndani wakamba zoyopa?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, alamu. Dzina ni lalikulu ili."

Aleck anayang'ana zilembo zagolide nthawi yaitali. Madzulo ake anatuma uthenga kwa mwini lole kuti abwere Lolemba. Anapempha Emelda kuti amusitire suti, ndipo anachita kutsegula yekha chipinda chija kuti atulutse ayironi.

Holo ya kalabu inali itasiya kuona anthu ambiri kuyambira pamene mgodi unatsekedwa. Utoto unali kusupuka, magalasi ena atalowedwa m'malo ndi makatoni, koma Loweruka limenelo munadzaza. Munali amuna amene kale ankatsika pansi pa nthaka, tsopano akugulitsa makala kapena kufukula zitsulo pa chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi. Munali akazi amasiye ochuluka kuposa mmene Emelda ankaganizira, atakhala mbali imodzi ndi mipango yawo yakuda. Kutsogolo kunali tebulo la nsalu yoyera, ndipo pakati pake panakhala kompyuta imodzi yovundikiridwa ndi chitenje kuopa fumbi.

Aleck analowa bokosi lili m'manja. Amuna a kumgodi atangoliona anapatuka okha, njira n'kutseguka mpaka kutsogolo, iye n'kuyesa ulemu. A Chomba, bambo wochepa thupi wa magalasi, anamulandira ndi manja awiri, namukhazika pampando wolembedwa dzina la Febian. Emelda ndi Charity anakhala pamzere wachiwiri, pambali pa Bana Levy.

A Chomba anafotokoza za thumbalo mwachidule. Anati mgodi unali nkhokwe imene anthu ankangotapamo mpaka inatha, koma ili ndi thumba limene mbewu yake sidyedwa. Anatchula amene anaponyamo: eni masitolo awiri, mpingo wina, ana a Kabwe okhala kunja, ndi kalaliki mmodzi amene anapereka zoposa onsewo poyerekeza ndi zimene anali nazo. Dzina lake, anatero, lalembedwa kale pa chitsulo pakhoma la chipinda cha makompyuta. Anthu anaomba m'manja, Aleck n'kuimirira kuwerama mbali zonse.

Atakhala pansi anakoka a Chomba pamkono n'kunong'ona za mbuzi ndi chingwe. Tsoka lake maikolofoni inali pafupi, ndipo holo yonse inamva. A Chomba anayankha mofatsa kuti mbuzi iyi sinaikizidwe, inaperekedwa, ndipo ngakhale iwo eni sangaigwire mwendo. Kenako anatulutsa m'thumba kiyi ndi kalata, nati malemu anawapempha kuti adzaiwerenge pa tsikuli ngati iwo adzakhale atapita.

"Ngati mukumva kalatayi," anawerenga, "ndiye kuti chifuwa chapambana. Amene wakhala pampando wangayo ndi mng'ono wanga Aleck, ndipo wavala suti yanga yabuluu. Wina amupindire manja a jekete, ndi wamfupi."

Holo inagwa ndi phwete. Aleck anayang'ana manja ake, n'kuwabisa pansi pa tebulo.

"Bokosi ndikudziwa walisunga bwino. Aleck chinthu chokhoma sachisiya pansi, ndipo chiphulikireni botolo la palafini tili ana, amaopa chilichonse chotha kuphulika. M'Kasanda monse munalibe banki yoposa iyeyo. Mabomba mulibe, ndinalitsuka ndekha ndi sopo. Muli mapepala a Charity. Ndikufuna awapereke ndi dzanja lake pamaso panu, pakuti tsopano ndiye bambo wake. Walowa dzina langa, alowenso ntchito yake. Chaka chilichonse mwini dzinali azibwera kudzapereka kalata kwa mwana wa kumgodi amene thumba lamusankha. Dzinali lili pakhoma pamene ana a eni adzaliwerenga ife tonse titaola, choncho aliyendetse bwino."

A Chomba anatembenuza pepala. Aleck anali atayamba thukuta lenileni.

"Pomaliza, mudzamva anthu akunena kuti mng'ono wanga watsekera katundu wa mkazi wanga m'chipinda. Musamuweruze. Wangomusungira kuopa akuba a pamaliro, ndipo abweza zonse mwambo uno ukatha, mpaka supuni. Mumuombere m'manja, chifukwa abale otere ndi osowa."

Kenako kumbali ya mipango yakuda kunaphulika nthungululu. Akazi amene analandidwa mabedi, mapoto ndi malata anaimirira onse, akuomba m'manja ndi kuseka, ena misozi ikutsika. Mayi wina wokalamba anafuula kuti iwo aperekeza bambo wabwinoyu mpaka kunyumba kuti akathandize kunyamula. Anzake anavomera onse.

Aleck anayang'ana kukhomo, koma khomo linali kutali ndipo njira inali itatsekeka. Anayang'ana Emelda, Emelda n'kumayang'ana kudenga. Munthu angakane mlandu, koma kukana chitamando pamaso pa anthu mazana atatu n'kovuta. Anaimirira, natenga kiyi, natsegula loko, nkhope atayang'anitsa kumbali kuchitira mwina. Munali envelopu ya khaki ndi kafungo ka sopo. Anaitana Charity, namupatsa ndi manja awiri. Atapatsidwa maikolofoni ananena kuti nkhani ya thumbali anakambirana ndi mkulu wake kalekale, ndipo kunena zoona maganizowo anayamba ndi iyeyo. Anthu anamuomberanso m'manja, pakuti bodza lina ndi bwino kulisiya lidutse.

Mwambo utatha a Chomba anamupeza Emelda pakhomo. Anati pansi pa kalata panali mzere wina umene sanauwerenge, chifukwa sunali wa gulu. Anamupatsa pepalalo, Emelda n'kuzindikira zilembo zoongoka za kalaliki.

"Emelda, za firiji ndinakulakwira. Koma firiji akanaikweza pa lole. Ichi sangachinyamule."

Analipinda kanayi n'kuliika pachifuwa. Sanalire pamaso pa anthu. Anangoima kanthawi atagwira chitseko, akumukhululukira munthu amene sakanamvanso.

Masana omwewo chipinda chinatsegulidwa, amayi makumi awiri ataima pabwalo ngati mboni. Makina osokera anabwerera pawindo, bedi kuchipinda. Aleck ankanyamula yekha, akuuza aliyense kuti akuba a m'tauni ndi oopsa. Lolemba anakwera lole yopanda kanthu, atavala suti imene Emelda anaifupikitsa manja ndi miyendo pa makina omwe aja. Anafunsa kawiri ngati chaka chamawa nkhuku idzakhalaponso. Lachinayi Charity anakwera basi ya ku Lusaka, envelopu ataisokerera mkati mwa chikwama.

Atamuperekeza, Emelda anabwerera kunyumba ali wopepuka, koma chimwemwe chake chinali ndi mfundo. Kuti mkazi mmodzi asunge bedi lake panafunika mwamuna wochenjera ngakhale ali m'manda, mphunzitsi wa ku yunivesite, ndi holo yodzaza anthu. Amayi amene anamuimbira nthungululu aja anabwerera kukagona pamasaka.

Akusesa pakhonde, Bana Levy anabwera kumpanda. Analankhula za mvula, za mtengo wa makala, za Charity. Kuseri kwawo Amos ankatsokomola, chifuwa chachitali chosafuna kutha, ndipo onse awiri anadikira kuti chidutse.

"Bana Charity," anatero mayiyo motsitsa mawu, "ija bokosi muli nayo nchito?"

"Mulibe kanthu mmenemo, mwandi."

"Niziba. Na ise tilibe kanthu koikamo, mabenefiti tinadya kudala, kalekale. Koma dzulo kwabwela kalata, abale awo a bashi Levy, amuna anga, ati afuna kubwela kuzaona odwala. Akapeza bokosi yokhoma azalimbana nayo, kapena mapoto azaiwala."

Emelda anatsamiritsa tsache kukhoma. Analowa m'nyumba, natulutsa bokosi lofiira lija, nalikhoma loko, n'kulipereka pamwamba pa mpanda. Kiyi anaisunga yekha.